Khadi Limene Mayi Sanalichonge

Malemu mayi athu anabadwa pa 9 Malichi 1951, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Abale awo onse anatsogola. Iwo ndiwo atseka chitseko.

Ndiime kaye pamenepo. Abusa, bambo aang'ono, achibale, anansi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira pano: ine ndine mwana wawo womaliza. Ambiri nkhope yangayi simukuidziwa. Sindikhalitsa malo amodzi. Ndimayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu. Mayi ankanditcha Chikwama, poti changa chimakhala pakhomo nthawi zonse, chomangamanga. Woyenera kuima pano si ine. Ndi achimwene anga, aphunzitsi, amene akhala kutsogoloku. Koma mawu awathera ndi kulira, ndiye pepala apatsa ine.

Pepalali lili ndi mzere umodzi wokhwatchidwa. Anaukhwatcha dzulo masana pamsonkhano wa banja. Ndi mzere wa chiwerengero cha ana a malemu. Achemwali anga anali atalemba anayi. Tsopano palembedwa atatu. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo athu, anandiuza kuti ndiwerenge zimene zalembedwa basi, ndisathirepo zanga. Ndinamva. Koma mzerewo uli kumapeto. Tiyeni tiyende kaye. Tikaupeza.

Sukulu anayamba mu 1958. Mutu unali wakuthwa. Analekeza kalasi yachisanu, mu 1963, bambo awo atavulala msana pantchito ya njanji. Chingerezi chimene anatuluka nacho kumeneko, ankatero eni ake, chinali cha moni ndi chopemphera kupita panja.

Apa pepala likudumpha. Kuchoka 1963, latera 1975. Zaka khumi ndi ziwiri, zii. Ine ndine wa pamsewu. Ndimadziwa kuti pamene mapu sakuonetsa kanthu, anthu amakhalapo ndithu.

Mu 1969 mayi anayamba ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba ya banja lina lochita bwino, kumtunda kwa tauni. M'nyumbamo munali mwana wawo wamwamuna, wophunzira. Zambiri sindinena, eni ake anapita kale. Pa 21 Juni 1970 mayi anabereka mwana wamkazi.

Mu 1973 bambo a mwanayo anapeza malo a sukulu kutsidya kwa nyanja. Makolo awo anaitanira mayi pabalaza. Kanali koyamba kuwakhazika pampando. Anawapatsa tiyi m'kapu ya alendo. Kenako pepala la Chingerezi, masamba awiri. Anati ndi la sukulu ya mwana, azibwera pa holide. Mayi anasaina. Mwana anakwera ndege atavala diresi lachikasu limene mayi anasita okha m'mawa womwewo. Holideyo sinafike.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, mayi anatenga pepala limene anawasiyira n'kupita kwa bambo wina wolembera anthu makalata pakhonde la positi ofesi. Bamboyo anawerenga. Anavula magalasi. Anaika chala pa liwu limodzi, custody, n'kuwauza kuti avomera kuti mwana azisungidwa ndi kulamulidwa ndi bambo ake, iwo alibenso chonena. Mayi sanalire pakhondepo. Anapempha pensulo. Anang'amba katoni ya sopo imene inali m'thumba mwawo. Kutsogolo analemba liwulo. Kumbuyo tanthauzo lake. Pansi, tsiku. Limenelo ndilo khadi loyamba. Anadzandiuza patapita zaka zambiri kuti: "Liwu limodzi linandilanda mwana ndikuyang'ana. Linzake silidzandipezanso ndili m'tulo."

Mu 1974 analembedwa ntchito ku hotela ya pafupi ndi depoti ya mabasi, kochapira. Pa 6 Disembala 1975 anamanga banja ndi bambo athu, amene ankadula mapepala ku kampani yosindikiza mabuku. Apa ine ndi pepala tagwirizananso. Achimwene anabadwa mu 1976. Achemwali mu 1980. Ine mu 1985.

Amene munalowapo m'nyumba mwathu mukukumbukira makhadi. Lachisanu lililonse bambo ankabwera ndi zotsalira za mapepala olimba, atazidula mofanana, kukula ngati chikhato. Mawu mayi ankatola paliponse. Pa tizilembo ta m'khosi mwa malaya a alendo. M'nyuzipepala zosiyidwa m'zipinda. Pa wailesi. Pa mabotolo a mankhwala. Pakhadi ankalembapo zinthu zinayi: liwu, tanthauzo lake, chiganizo chimene analimvamo, ndi munthu amene analinena. Ankati liwu lopanda chiganizo lili ngati batani lopanda malaya.

Pamwamba pa kabati panali zitini ziwiri za mabisiketi. China analembapo Alendo. China Achibale. Liwu latsopano linali mlendo. Kuti lisamukire kwa achibale, ankayenera kulinena kwa anthu atatu osiyana, amoyo, maso ndi maso kapena pafoni. Akalinena, ankachonga kamodzi pakona. Ndipo panali lamulo lalikulu: osanama. Liwu linkachongedwa likanenedwa pa chinthu choona basi.

Tinavutika nazo. Liwu lakuti stubborn, munthu wamakani, linasamuka m'mawa umodzi. Anayamba ndi bambo pa tiyi. Achimwene akumanga nsapato. Ine ndikukana kusamba. Isanakwane seveni koloko linali kale wachibale. Koma lakuti generous, munthu wowolowa manja, linakhala m'chitini cha alendo zaka ziwiri. Ankati eni ake akusowa. Wogulitsa nyama pakona paja ankati akawaona akubwera ndi khadi m'manja, ankawonjezera fupa asanapemphedwe, kuopa kuti liwu la tsikulo ligwera iye.

Mu 1981 anawasamutsira kokonza zipinda. Kumeneko anaphunzira kuti kudziwa tanthauzo sikukwanira. Mayi wina mlendo anawaonetsa diresi limene anagula, n'kutchula mtengo. Mayi athu, pofuna kumuyamikira kuti wagula mwanzeru, anati n'la cheap. Mlendoyo anafiira, n'kukadandaula kwa bwana. Mayi anabwera kunyumba osadya. Anakagula bolopeni yofiira. Kuyambira tsiku limenelo khadi lililonse linali ndi mzere wachisanu, wofiira: kwa ndani, ndiponso osati kwa ndani. Anabwerera m'zitini zonse ziwiri, khadi ndi khadi. Zinawatengera chaka.

Mu 1990, tsiku lina akudutsa ndi matawulo, foni inalira pa tebulo lolandirira alendo. Panalibe munthu. Anaika matawulo pansi n'kuyankha. Anali mlendo wolusa, katundu wake atasochera. Mayi anamuziziritsa, analemba zonse, anamuuza nthawi yoti aimbenso. Bwana anali atamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Mwezi wotsatira anawasinthira yunifomu. Anakhala pa tebulo limenelo zaka makumi awiri ndi chimodzi, mpaka kupuma ntchito mu 2011. Anzawo a ku hotela, ndakuonani mwakhala kumanzereko. Munkawatcha a Dikishonale. Ankadziwa. Ankakondwa nazo.

Ife ana tinkayesa makhadiwo ndi a ntchito. Achimwene anaphunzirira kuwerenga pa makhadi omwewo, atakhala pansi pa tebulo. Lero amaphunzitsa Chingerezi ku sekondale. Palibe mwa ife amene anafunsapo kuti mayi akukonzekera kulankhula ndi ndani.

Bambo ankadziwa. Mu 1998 ku kampani kwawo kunabwera ntchito yosindikiza timapepala ta mwambo wa maliro a gogo wina. Akudula, diso linagwera pa mndandanda wa otsala. Panali dzina la mwana uja. Bambo anadikira mwini ntchitoyo pageti. Anamunyamulira katoni mpaka kugalimoto. Anafunsa pang'onopang'ono, ngati wongocheza. Madzulo anabwera ndi keyala. Anailemba okha pakhadi, ndi pensulo ya kuntchito, zilembo zawo zija zazikulu zopendekera kumanzere.

Bambo aang'ono, dzulo munati kutchula mwana ameneyu n'kunyoza akulu anu ali kumanda. Pamsonkhano wa akuluakulu ine ndine khanda. Khadilo nali. Dzanja la akulu anu mumalidziwa kuposa ine. Ndikamaliza ndidzakupatsani mulione.

Kuyambira chaka chotsatira, Juni aliyense mayi ankalemba kalata. Sabata yathunthu makhadi ankakhala atayalidwa patebulo, ife tikudyera pabondo. Ankatiuza kuti akuwapukuta fumbi. Wokaponya kalatayo anali bambo, popita kuntchito. Yankho silinabwere. Ngakhale limodzi. Bambo anamwalira pa 3 Ogasiti 2017. Juni wotsatira mayi anayenda okha kupita ku positi ofesi.

Mu 2022 ndinapeza ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi kutsidya komweko. Ndinapita kukatsanzika, chikwama chili paphewa monga mwa nthawi zonse. Mayi anatseka chitseko. Anandikhazika pansi. Anandiuza zonse zimene ndakuuzanizi, osayang'ana kumbali. Kenako anandipatsa khadi la keyala n'kunena kuti: "Chikwama, zaka makumi awiri wakhala ukuyenda zopanda mutu. Ulendo uno undiyendere ine."

Nyumbayo ndinaipeza. Munali anthu ena. Banja lija linali litasamuka kalata yoyamba isanafike. Koma mayi wokalamba amene anatsegula chitseko anandiuza ndidikire. Anabwera ndi bokosi la nsapato. Makalata makumi awiri ndi anayi, osatsegula. Anati munthu wolemba chaka ndi chaka chonchi, makalata ake sataya. Woyandikana naye ankadziwa kumene mwana uja amagwira ntchito. Mabasi atatu, mvula ikugwa. Shopu ya magalasi a maso. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri. Chipumi cha mayi athu. Kaimidwe ka mayi athu, dzanja limodzi m'chiuno. Ndinaika bokosi pa kauntala. Chingerezi changa chonse chinathawa. Anawerenga kumbuyo kwa envulopu imodzi. Anakatseka shopu nthawi yoweruka isanakwane. Iye anauzidwa ali ndi zaka zinayi kuti mayi ake anamwalira.

Anatenga miyezi kuti alimbe mtima. Foni yoyamba inalira pa 12 Febuluwale 2023, Lamlungu, fili koloko masana. Achemwali ndiwo anagwira foniyo. Mayi anali atavala bulauzi yawo ya ku hotela. Makhadi atayalidwa m'mizere patebulo lonse. Pa nthawiyo n'kuti alipo 7,412, zitini zitadzaza, ena akusungidwa m'madirowa. Ananena hello. Basi. Zotsalazo zinali misozi, uku ndi uku. Foni itaduka anati: "Zaka makumi asanu ndikutola mawu, lero onse abalalika ngati nkhuku zaona galimoto."

Lamlungu lotsatira analankhula ola limodzi ndi mphindi makumi awiri. Chichewa mwanayo sadziwa, ngakhale moni. Mlatho wonse unali makhadi aja. Ankaseka kuti mayi amalankhula naye ngati akumulandira pa hotela, amangotsala pang'ono kumufunsa ngati akufuna matawulo ena. Mayi ankamuimitsa pakati pa nkhani kuti abwereze liwu, alilembe. Makhadi a chaka chimenecho ndawaona. Pamzere wa amene analinena analembapo: mwana wanga.

Achimwene, inu munamva nkhaniyi mwezi womwewo. Munasiya kubwera Lamlungu. Munkabwera Loweruka. Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri mwakhala mukutchedwa mwana wachisamba. Katundu wa dzina limenelo munamusenza yense. Bambo akudwala munkawasambitsa ndinu. Denga likadontha, ndinu. Ine ndinkatumiza zithunzi za milatho. Kenako tsiku limodzi mukumva kuti alipo wina patsogolo panu, amene sanatungepo ndi madzi omwe m'nyumba muja. Zimapweteka. Ndikanakhala ine, bwenzi nditanyamula chikwama. Inu simunanyamule.

Pa 2 Okutobala 2024, m'mawa, mayi anagwa kukhitchini ketulo ili m'manja. Madokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa. Lilime linamangika. Achimwene ndiwo anawatsitsa pamasitepe atawanyamula. Masiku khumi ndi awiri sanachoke pa wodi. Ine ndinali kuseri kwa malire a mayiko anayi. Ndinafika tsiku lachisanu ndi chinayi.

Ndinapeza akulankhula ndi makhadi. Achimwene ndiwo anaganiza zobweretsa zitini zija. Mayi ankafufuza ndi dzanja lamanzere n'kukweza. Thirsty, akamva ludzu. Cold, akazizidwa. Anamwino akachedwa ndi mankhwala ankawakwezera late, ndipo wodi yonse inkaseka. Kwa ine, tsiku limene ndinafika, anakweza lomwelo.

Mwana wawo wa kutsidya anayamba kuthamangira mapepala a ulendo tsiku limene anamva. Mapepala sathamanga. Mayi anatisiya pa 14 Okutobala, teni koloko m'mawa, achimwene atawagwira phazi, achemwali atawagwira mutu. Ndege inatera mawa lake.

Anamwino pokonza thupi anapeza khadi m'dzanja lamanzere, pansi pa bulangete. Anapatsa ine. Ndi lakale, la katoni ya sopo, m'mbali mwake mutatha. Tsiku lake ndi la mu 1974. Liwu lake ndi firstborn. Tanthauzo analemba: mwana wachisamba. Pakona palibe chochonga. Ngakhale chimodzi. Zaka makumi asanu lili m'chitini cha alendo.

Chifukwa chake mwachiona kale. Lamulo linali osanama. Kwa achimwene sakanalinena. Kwa anthu ena sakanalinena, poti akanafunsidwa kuti mwanayo ali kuti. Achemwali anawafunsapo Lamlungu lina kuti bwanji osangomuuza pafoni. Anayankha kuti: "Ili si la pafoni. Ndidzamuuza nditamugwira dzanja." Ankadikira Disembala. Tikiti ya mwanayo inali itagulidwa kale.

Dzulo, msonkhano utatha, ndinakhala ndi madirowa aja. Ndinkafuna kuona ngati ife tilimo. Ine ndilimo. Restless, wosakhazikika. Anachonga katatu, n'kuliika kwa achibale, nkhani yatha. Achimwene, inunso mulimo. Reliable, munthu wodalirika. Chiganizo chake ndi cha mwana wawo mphunzitsi. Lamulo linali katatu. Ndawerenga: makumi atatu ndi kamodzi. Pakona panadzaza, anapitiriza m'mbali, anatembenuza kumbuyo. Ankauza aliyense. Alendo a pa hotela. Dokotala wa mano. Pa mzere wofiira analemba kuti: kwa aliyense. Chochonga chomaliza ndi cha chaka chino. Ndikukhulupirira mukudziwa amene anauzidwa, pafoni, Lamlungu. Khadi limenelo ndi lanu. Palibe ndege imene ingatere n'kukulandani.

Tafika pa mzere uja.

Kumbuyo uko, pafupi ndi geti, kwakhala mayi wovala jekete yotuwa. Wakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Ena mwamupatsa madzi, zikomo. Zonse ndalankhulazi sanamvepo kanthu. Dzulo tinakhala pabalaza n'kugamula za iye, m'chinenero chimene sakumva, ali panja. Zoterezi zinachitikapo kale m'banja lino, pabalaza lina, mu 1973. Kamodzi n'kokwanira.

Bambo aang'ono, mundikhululukire. Achimwene, mundikhululukire. Mukandikalipire kunyumba, sindithawa, chikwama ndamasula. Koma pamaso pa bokosi la mayi amene sanachongepo bodza, ine sindiwerenga atatu.

Malemu asiya ana anayi. Woyamba, wamkazi, wobadwa mu 1970, wopima anthu maso. Wachiwiri, wamwamuna, mphunzitsi. Wachitatu, wamkazi, wosoka zovala. Wachinayi ndine. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, zisanu kuno, ziwiri kutsidya. Asiya alamu awo, apongozi, ndi anzawo ambiri.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, makamaka amene sanataye kakatoni kakale kaja poyesa chinyalala. Ndikuthokoza abusa ndi a kwaya. Anansi amene mwatibwereka mipando ndi kutiphikira masiku onsewa. Anzawo a ku hotela. Ndikuthokoza mayi wokalamba wa bokosi la nsapato, ngakhale sadzamva. Ndi bambo athu, amene anadula makhadi zaka makumi anayi osadandaula, akudziwa amene akumudulira.

Mpando umodzi kutsogoloku ndauika ndine. Uli pakati pa achimwene ndi achemwali. Chingerezi changa n'cha pamalire ndi m'magalaja, koma chiganizochi si changa. Ndi cha mayi, analemba okha kumbuyo kwa khadi. Achemwali aakulu, kumbuyoko, mverani mayi anu.

You are my firstborn.

Ndachonga kamodzi. Lamulo linali katatu, ndipo ife tilipo atatu. Achemwali anandiuza m'mawa uno kuti kachiwiri n'kawo. Achimwene, khadi ndi pensulo zikachoka kwa iwo zifika pabondo panu. Bokosi silinanyamulidwe. Nthawi ikadalipo.

Mayi, mwagwira ntchito. Mzimu wanu uuse mumtendere. Chitini cha achibale ndachisiya chotsegula.